Za Kusankha Pakati pa Who, Which ndi That

Ana inu, ndiyamba phunziro ili ndi kukusimbirani za manyazi amene anandigwera ndili mnyamata wa msinkhu wanu, kuti dzenje limene ndinagwamo ine, inu mukalilambalale.

Chaka china mvula inachuluka, ndipo mtsinje wa kwathu unasefukira nukokolola ulalo wa mitengo umene tinali kuwolokerapo popita kusukulu ndi kuchigayo. Akulu a m'mudzi anasonkhana patsinde pa mtengo wa kachere, napangana kuti alembe kalata ya ku boma yopempha misomali ndi matabwa. Popeza ine ndinali nditalawako Chingerezi, amalume anandiitana nati, "Mphwanga, nkhuku zathu zatha ndi kukugulira makope. Lero tione phindu lake. Tenga cholembera, ulembe zimene anene amfumu." Ndinakhala pamphasa ndi mtima wonyada, ndi kulemba zonse zimene ananena; ndipo pofuna kukometsa kalatayo, ndinaitsiriza ndi mawu awa:

The chief which sends this letter greets you.

M'mawa mwake amfumu anavala jekete lawo la pa Sabata, natenga ndodo yawo, nayenda mtunda wautali kufikira ku boma. Mlembi wa kumeneko atawerenga kalatayo anamwetulira, nafunsa, "Amfumu, wakulemberani kalatayi ndani? Pempho lanu lamveka ndithu, koma mwanayo wakuwerengerani pamodzi ndi mbuzi ndi madengu." Anthu amene anali pakhonde anaseka. Amfumu anabwerera madzulo osalankhula ndi munthu panjira; ndipo atadya anandiitanitsa, nati, "Mwana iwe, ndinakulakwira chiyani kuti unditche chinthu pamaso pa alendo?" Ine ndinangogwada ndi kuwerama, pakuti sindinadziwe pamene ndinalakwa. Liwu limodzi lokha, la zilembo zisanu, ndilo linachititsa manyazi munthu wamkulu amene ndinali kumlemekeza ndi mtima wonse.

Kutacha ndinanka nayo nkhaniyi kwa aphunzitsi anga, ndipo zimene anandimasulira tsiku limenelo ndizo ndifuna kukupatsani lero.

1. Ntchito ya mawu awa

Pomanga denga timalumikiza phaso ndi phaso linzake ndi luzi. Chomwechonso polankhula timalumikiza chiganizo ndi chinzake ndi timawu tina tating'ono. Taonani ziganizo ziwiri izi:

I saw the woman. The woman sells fish.

Munthu wodziwa kulankhula satchula mayiyo kawiri. Achotsa dzina lachiwirilo, naikapo kaliwu kolowa m'malo mwake, ndipo ziganizo ziwirizo zisanduka chimodzi:

I saw the woman who sells fish.

M'chinenero chathu titi, "Ndinaona mayi amene amagulitsa nsomba." Liwu ili amene lichita ntchito ziwiri nthawi imodzi: liimira dzina limene latchulidwa kale, ndiponso limangirira nthambi ya chiganizo ku dzinalo. Chifukwa chake timalitcha mlowam'malo wa mgwirizano, ndipo Angerezi alitcha relative pronoun. M'Chingerezi mawu otere ofunika kuwadziwa alipo asanu, ndiwo who, whom, whose, which ndi that.

2. Njira yathu ndi njira ya Chingerezi

Inu nonse mudziwa kale kusankha mawu otere m'Chichewa, ngakhale palibe anakuphunzitsani pabolodi. Muti munthu amene, mudzi umene, khasu limene, chipatso chimene, mbuzi imene, nyumba zimene, kamwana kamene, tiana timene. Mwana wa zaka zinayi sanena "khasu chimene", pakuti khutu lake likana. Chinenero chathu chiyang'ana gulu la dzina, ndipo tsinde lija -mene litenga chiyambi chogwirizana ndi gululo.

Koma Chingerezi chilibe magulu a mayina onga athuwa. Icho chifunsa funso lina, ndilo ili: kodi dzinali ndi la munthu, kapena si la munthu? Pamenepa ndi pamene njira ziwirizi zisiyana, ndipo mwana woyenda m'njira ya Chichewa polemba Chingerezi apeza misampha iwiri ili kumdikira.

Msampha woyamba ndi umene unandikola ine. Ndinali nditaphunzira kuti mbuzi imene ndiyo "the goat which". Tsono mumtima mwanga ndinati, imene ndiye which. Pofika pa mfumu imene, ndinalemba which osakayika konse. Sindinazindikire kuti m'chinenero chathu alipo mayina ambiri a anthu amene akhala m'gulu limodzi ndi mbuzi ndi nyumba: mfumu imene, nduna imene, mboni imene, nkhalamba imene, ntchembere imene, mbava imene. Kwa ife palibe chipongwe pamenepa, pakuti ndiwo malamulo a chinenero. Koma m'Chingerezi onsewa ndi anthu, ndipo ayenera who. Ngakhale mbava, ngakhale chitsiru chimene chinataya mbewu panjira, chikhalabe munthu, ndipo chitenga who.

Msampha wachiwiri uli tsidya lina la njira yomweyo. Mwana aphunzira kuti munthu amene ndiye "the person who", naganiza kuti amene ndiye who nthawi zonse. Koma ife timati galu amene, tambala amene, fodya amene, katundu amene. Timatinso madzi amene, makasu amene, mabuku amene. Mwanayo alemba "the water who we drink", ndipo wowerenga adabwa kuti kodi madziwo ali ndi dzina ndi mudzi wakwawo.

Chifukwa chake lamulo loyamba ndi ili: musamasulire liwu ndi liwu. Amene si who nthawi zonse, ndipo imene si which nthawi zonse. Siyani kuyang'ana liwu la Chichewa, muyang'ane chinthu chenichenicho chimene chili kunenedwa.

3. Funso loyamba: kodi ndi munthu?

Akulu anati, safunsa anadya phula. Musanalembe, imani pang'ono, muike chala pa dzina limene lili patsogolo pa malo opanda liwuwo, ndipo mufunse: kodi uyu ndi munthu? Akakhala munthu, lembani who. Chikakhala nyama, mtengo, chipangizo, malo kapena ganizo, lembani which.

The chief who sent the letter is old.
The witness who spoke first told the truth.
The dog which ate the eggs ran away.
The water which comes from the well is clean.

Mawu awa sasintha dzina likachuluka. Tinena "the boy who" ndiponso "the boys who"; mneni wotsatira ndiye asintha, pakuti atsata dzinalo: "the boy who runs", koma "the boys who run".

Pali malo awiri pamene mudzaona lamuloli litapindika, ndipo ndi bwino kuti muwadziwe kuti mungasokonezeke. Oyamba ndi m'nthano. Kalulu wa m'nthano alankhula, anyenga Njovu, naweruza milandu monga munthu; tsono Angerezi polemba za nyama yotere aika who. Achitanso chomwecho ndi galu kapena mphaka wa pakhomo amene anam'patsa dzina namkonda. Koma galu wachilendo wakuba mazira atenga which.

Achiwiri ndi m'mabuku akale. Baibulo la Chingerezi limene linatuluka m'chaka cha 1611, m'masiku a Mfumu James ya ku England, liika which ponena za anthu m'malo ambiri. Ngakhale m'Pemphero la Ambuye liika which ponena za Atate wa Kumwamba. Amene analimasulira sanalakwe, pakuti m'masiku awo ndimo anthu anali kulankhulira. Koma chinenero chili ngati mtsinje umene usintha njira yake pang'onopang'ono popita zaka. Mabaibulo ambiri omasuliridwa pambuyo pake anaika who pamalo pomwepo, ndipo lero munthu wamoyo akatchedwa which amva ngati wayesedwa chinthu. Mukawerenga buku lakalelo musanene kuti linalakwa. Komanso musatengere kalembedwe kake m'kalata yopita kwa amalume anu.

4. Funso lachiwiri: kodi munthuyo achita chiyani m'nthambiyo?

Mukapeza kuti dzinalo ndi la munthu, ulendo sunathe, pakuti who ali ndi abale ake awiri, ndiwo whom ndi whose. Kuti musankhe pakati pa atatuwa, yang'anani nthambi ya chiganizo yokhayo, ndiyo mawu otsatira malo opanda liwu aja, ndipo mufunse: kodi munthuyu ndiye wochita, kapena wochitiridwa, kapena mwini wa kanthu?

Akakhala wochita, ndi who. Akakhala wochitiridwa, ndi whom. Akakhala mwini, ndi whose.

The man who called me is my uncle.
The man whom I called is my uncle.
The man whose bicycle was stolen is my uncle.

M'chiganizo choyamba amalume ndiwo anaitana. M'chachiwiri ine ndine ndinaitana, iwo anaitanidwa. M'chachitatu sanachite kanthu, koma njinga imene inabedwa ndi yawo.

Aphunzitsi anga anandipatsa muyeso wosavuta, umene ndaugwiritsa ntchito kufikira lero. Tengani nthambiyo, muisandutse chiganizo choima pachokha, ndipo m'malo mwa munthuyo muike he, him kapena his. Mukati "he called me", liwu loyenera ndi who. Mukati "I called him", ndi whom. Mukati "his bicycle was stolen", ndi whose. Kumbukirani kuti him ndi whom onse awiri atsiriza ndi chilembo m, ndipo ayenda pamodzi monga mapasa. Ngakhale munthuyo akhale wamkazi, poyesa gwiritsani he, him ndi his, pakuti her ali ndi ntchito ziwiri ndipo angakusocheretseni.

Ndiyenera kukuuzani choona: masiku ano eni ake a Chingerezi pocheza anena who m'malo ambiri pamene mabuku afuna whom, ndipo palibe awadzudzula. Koma m'kalata ya ulemu ndi pamayeso, whom akali ndi mpando wake, ndipo mwana womdziwa sataya kanthu.

Tsono chenjerani ndi msampha wachitatu, umene ubadwa m'kukoma kwa chinenero chathu. Ife timati, "mlendo amene tinamulandira". Taonani kuti mlendoyo watchulidwa kawiri: koyamba m'liwu lija amene, kachiwiri m'kati mwa mneni, pa kaphatikizo kaja -mu-. Mwana womasulira liwu ndi liwu alemba "the visitor whom we received him". Kumeneko n'kulakwa, pakuti whom walowa kale m'malo mwa mlendoyo, ndipo him alibenso pokhala. Anthu awiri sakhala pa mpando umodzi. Lembani chotere:

The visitor whom we received was tired.
The book which I bought is new.

Musaonjeze him pambuyo pa received, kapena it pambuyo pa bought.

Chimodzimodzinso ponena za mwini. Ife timati, "mtsikana amene amayi ake akudwala", pogwiritsa mawu awiri, amene ndi ake. Chingerezi chiphatikiza awiriwo m'liwu limodzi. Musalembe "the girl who her mother is ill", koma lembani:

The girl whose mother is ill went home.

Liwu ili whose lili ndi ufulu umene abale ake alibe, pakuti litumikira anthu ndi zinthu zomwe. Mukhoza kulemba "the tree whose branches fell", ndipo simunalakwe. Koma musalisokoneze ndi who's, limene limveka chimodzimodzi m'khutu, koma ndi chidule cha who is kapena who has.

5. Za aperekezi

Chinenero chathu chili ndi luso lobisa tanthauzo m'kati mwa mneni. Titi, "khasu limene ndimalimira", "nyumba imene timagonamo", "munthu amene ndinamulembera kalata". Timaphatikizo ting'onoting'ono, -ir-, -er- ndi -mo, tinyamula katundu yense. Chingerezi sichitero, chifuna mperekezi woonekera, monga with, in, to, for, from. M'kalembedwe ka ulemu mperekeziyo atsogola, ndipo mlowam'malo atsatira:

The hoe with which I dig is heavy.
The house in which we sleep has a new roof.
The man to whom I wrote has answered.

Pambuyo pa mperekezi pakhala whom ponena za munthu, ndi which ponena za chinthu. Who ndi that saloledwa pamenepo. Simungalembe "to who" kapena "in that we sleep". Pocheza anthu akonda kukankhira mperekeziyo ku mapeto, nati, "the hoe which I dig with", ndipo ichinso n'Chingerezi chabwino. Cholakwa ndicho kumuiwala mperekeziyo konse. Mukalemba "the hoe which I dig", mwanena kuti muli kukumba khasulo, osati kukumba nalo.

Ponena za malo, where akhoza kulowa m'malo mwa in which, ndipo ponena za nthawi, when achita chomwecho: "the village where I was born", "the year when the river flooded". Awa afanana ndi kumene, pamene ndi m'mene a kwathu.

6. Za that ndi za mpatuliro

Tsopano tifike pa that. Liwu ili lili ngati dengu la pakhomo limene linyamula chimanga lero, mawa nsomba. Likhoza kuimira munthu, likhozanso kuimira chinthu: "the boy that won", "the goat that died". Ndipo pambuyo pa mawu monga all, everything ndi nothing, kapena pambuyo pa mawu onena choposa zonse, monga best ndi biggest, that ndiye akhala bwino koposa: "all that I have", "the biggest fish that I ever caught". Musalembe "all what I have", ngakhale mudzamva ena akutero.

Mwina wina mwa inu ati mumtima mwake, "Ngati n'choncho, ndidzalemba that ponseponse, ndipumule." Iai, mwana wanga, that ali ndi malire ake. Sakhala pambuyo pa mperekezi, monga taona kale. Ndiponso sakhala pambuyo pa mpatuliro, ndiko kachizindikiro kaja konga mchira kamene Angerezi atcha comma. Kuti mumvetse ichi, yerekezani ziganizo ziwiri izi:

My brother who lives in Dedza is a carpenter.
My brother, who lives in Dedza, is a carpenter.

Mawu ake ndi omwewo, koma nkhani zake n'zosiyana. M'choyamba wolembayo ali ndi abale angapo, ndipo nthambiyo ipatula mmodzi pakati pa enawo: wa ku Dedza, osati wa ku Zomba. Mukaichotsa nthambiyo, sitidziwanso kuti anena uti. M'chachiwiri mbaleyo ndi mmodzi yekha, ndipo tam'dziwa kale. Za ku Dedzazo n'zoonjezera chabe, monga mchere wothira pa ndiwo zakupsa kale. Nthambi yopatula ilibe mpatuliro, ndipo ilandira who, which kapena that. Nthambi yoonjezera itchingidwa ndi mipatuliro, ndipo ilandira who kapena which, koma that ayi.

Pamenepa mwambo wa kwathu ungatipunthwitse. Ife tili ndi amayi otibala, amayi aang'ono ndi amayi aakulu. Tsono sitidabwa munthu akati, "amayi anga amene amakhala ku Dedza", pakuti ali kupatula mmodzi. Koma Mngerezi atcha mother yekhayo amene anam'bala, enawo awatcha aunt. Chifukwa chake ponena za mayi wokubalani ikani mipatuliro: "My mother, who lives in Dedza, is well." Ndipo mwamuna wa mkazi mmodzi akalemba "my wife who lives in Dedza", naiwala mipatuliro, wauza wowerenga kuti ali ndi mkazi wina kwina. Onani kukula kwa mlandu umene kamchira kakang'ono kangautse!

M'chaka cha 1926 munthu wina wa ku England, dzina lake H. W. Fowler, anatulutsa buku la malangizo a kalembedwe ka Chingerezi. M'menemo analangiza kuti ponena za zinthu kukanakhala bwino olemba akanasunga that pa nthambi yopatula, ndi which pa nthambi yoonjezera. Olemba ambiri a ku America atsata langizoli kolimba. A ku Britain aika which kapena that pa nthambi yopatula monga awakomera. Inu mukatsata langizo la Fowler simudzalakwa kwina kulikonse.

Dziwaninso kuti pa nthambi yopatula, mlowam'malo akakhala wochitiridwa, Angerezi akhoza kumsiya osamtchula: "the book I bought", "the man we met". Mukakumana ndi ziganizo zotere powerenga musaganize kuti wosindikiza anaiwala liwu. Koma akakhala wochita sasiyidwa. Simungati "the man called me is my uncle".

7. Ikani liwu pafupi ndi mwini wake

Chotsiriza ndi ichi, ndipo pano chinenero chathu chiposa Chingerezi. Tamverani ziganizo ziwiri izi: "mwana wa mfumu amene anamwalira", ndi "mwana wa mfumu imene inamwalira". Palibe Mchewa angasokonezeke. M'choyamba maliro ndi a mwana. M'chachiwiri ndi a mfumu. Mgwirizano wa magulu ulozera mwini nkhani ngakhale ali patali.

Koma m'Chingerezi zonse ziwiri zituluka chimodzimodzi: "the son of the chief who died". Popeza onse awiri ndi anthu, onse atenga who, ndipo wowerenga kawirikawiri agwira dzina limene lili pafupi, naganiza kuti yamwalira ndi mfumu. Taganizani mbale wanu ali ku Johannesburg, nalandira uthenga wotere wonena za maliro a kumudzi. Adzalira munthu wamoyo, ndipo wakufayo sadzamlira. Chifukwa chake ikani mlowam'malo pafupi penipeni ndi dzina limene aliimira, ndipo mukaona kuti mayina awiri ali kumlimbirana, dulani chiganizocho chikhale ziwiri: "The chief's son has died. The chief is well." Chiganizo chachifupi chomveka chiposa chachitali chosocheretsa.

8. Mawu otsiriza

Chingerezi ndi limodzi la maphunziro amene mudzalemba pa mayeso a Sitandade 8, ndipo ndifuna kuti mudzakhoze. Koma mayeso ndi a masiku owerengeka. Chachikulu ndi ichi, chakuti mwana wophunzira ndiye dzanja la mudzi wake. Agogo anu adzakutumani kulemba kalata ya ku chipatala, ya kubwalo la milandu, ya kwa mbale wa kutali. Iwo sadzatha kuona ngati mwalemba bwino. Adzangokukhulupirirani, natenga pepalalo, napita nalo pamaso pa anthu. Ulemu wawo udzakhala m'manja mwanu, monga ulemu wa amfumu aja unali m'manja mwanga.

Tsono sungani mafunso atatu awa. Kodi ndi munthu kapena chinthu? Kodi ndi wochita, wochitiridwa kapena mwini? Kodi nthambiyi ipatula, kapena ingoonjezera? Mwana wofunsa mafunso awa asanalembe adzachedwa pang'ono pa masiku oyamba, koma pambuyo pake dzanja lidzazolowera, monga lizolowera mpini wa khasu.

Patapita milungu ingapo mudzi unafunanso kulemba kalata yothokoza. Amalume anafuna kutuma mnyamata wina, koma amfumu anati, "Iai, muitaneni yemwe uja. Mwana akagwa ndi mtsuko, sitimletsa kutunga madzi." Ndinalemba pang'onopang'ono, ndipo pa mapeto pake ndinaika who. Ndisanapereke kalatayo ndinaiwerenga katatu, ndi kukaionetsa kwa aphunzitsi anga. Inunso muzitero.

Mafunso

Lembani ziganizo izi m'makope mwanu, ndi kuika liwu loyenera pa malo pali timadontho. Pa chiganizo chilichonse mukonzeke kuuza aphunzitsi anu chifukwa chimene mwasankhira liwulo.

1. The old woman ..... keeps bees gave us honey.
2. The tobacco ..... my father sold was dry.
3. The boy ..... goat was lost is crying.
4. The nurse to ..... I spoke was kind.
5. Lake Malawi, ..... has many fish, is very deep.
6. This is all ..... remains in the granary.
7. The pot in ..... we cook beans is broken.
8. The thief ..... took the maize has been caught.

Konzani ziganizo izi:

9. The teacher whom we met her is new.
10. The child who his leg is broken cannot walk.
11. The books who are on the table are mine.

Masulirani m'Chingerezi:

12. Mboni imene inaona ngoziyo yabwera.
13. Tambala amene analira usiku waphedwa.
14. Mpeni umene ndinadulira nyama watayika.